Khoma Lofiira Pansi pa Munda wa Agogo Aniello

1. Funso la Lolemba

Kwathu kuno ku Italy sititchula dzina la Vesuvio, phiri lija lolavula moto. Timangoti Phiri. M'mawa timaliyang'ana kuti tidziwe ngati kugwe mvula, kenako timalipatsa msana n'kupita kuntchito. Olijambula ndi alendo.

Fortuna Ascione, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, adabadwira m'munsi mwake. M'nyumba mwawo ankakhalamo anthu atatu: iye, bambo ake a Catello, ndi agogo ake aamuna, a Aniello. Amayi ake adamwalira iye adakali wamng'ono.

Atatu onsewo ankadya za m'munda umodzi. Ankalima matimati ang'onoang'ono aja a kamlomo kosongoka, amene timawamanga pachingwe n'kuwapachika kudenga mpaka Khirisimasi osawola. Munda wina adalibe, ntchito ina sankaidziwa.

Lolemba lina m'mwezi wa Malichi, Mayi Cozzolino, aphunzitsi a mbiri yakale, adalemba pabolodi mawu awa: "Phiri likadapanda kuphulika m'chaka cha 79."

"Chimangirizo chanu n'chimenecho," adatero. "Masamba awiri. Lachisanu ndichipeze patebulo panga."

Kalasi yonse idabuula. Liberato, mnyamata wokhala kumbuyo amene pakamwa pake sipatsekeka, adakweza mkono.

"Aphunzitsi, ine ndamaliza kale. Likadapanda kuphulika, bambo anga akadamagulitsa kwa yani madzi a mandimu pachipata cha mabwinja a Pompei, mzinda uja lidaukwirira? Tikadafa ndi njala tonse. Ndiye zikomo Phiri. Malikisi anga mundipatse pompano."

Anzake adaseka chikhakhali. Mayi Cozzolino adadikira kuti phokoso lithe.

"Wanena zoona theka, Liberato, ndipo kwa iwe theka ndi zambiri. Tsono mvetserani. Pompei sudali mzinda wotchuka ayi. Idali tauni ngati yathu ino, ya ophika buledi, ochapa nsalu ndi anthu okangana pamsika. Phiri likadapanda kuphulika, ana awo akadagumula nyumba zija n'kumanga zina, zidzukulu n'kudzagumulanso. Miyala ikadapita kukamangira makola ndi matchalitchi. Zimene ankalemba pamakoma zikadafufutika ndi laimu watsopano. Buledi uja mumamuona m'galasi kunyumba yosungira zakale, wakuda bii, akadadyedwa tsiku lomwelo. Lero bwenzi mukuyenda pamwamba pa zonsezo osadziwa kanthu. Zimene tikudziwa za anthu aja tikuzidziwa chifukwa adafa tsiku limodzi. Ndiye funso langa si la madzi a mandimu. Ndikufuna mundiuze, inuyo mukadasankha chiyani?"

Fortuna adakopera funsolo m'kope mwake, n'kutseka. Chimangirizo sankachikonda, ndipo adali atakonza kale zodzachilemba mothamanga Lachinayi.

2. Makina atazima

Mawa lake a Catello adaitana makina okumba. Mvula idali itayamba kujomba zaka zingapo, ndiye adafuna kumanga thanki ya madzi kumunsi kwa munda. Ankafulumira chifukwa mbande za matimati zidali zitakula m'nazale, zotsala milungu iwiri kuti ziwokeredwe.

Fortuna ataweruka kusukulu adawatengera chakudya, buledi wa masamba ndi soseji. Adayembekeza kumva phokoso ali patali, koma kumunda kudali zii. Makina adali ozima, woyendetsa kulibe. Bambo ake ndi agogo ake adaima m'mphepete mwa dzenje, manja m'chiuno, akuyang'ana pansi.

Nayenso adasuzumira. Dzenjelo lidali lakuya kuposa anthu awiri. Pansi pa dothi lakuda padali timiyala toyera tija ta Phiri, topepuka ngati mbuliwuli, ndipo pakati pa timiyalato padatulukira mutu wa khoma. Mbali imodzi ya khomalo idali yofiira, yosalala, ngati yapakidwa utoto dzulo.

Tinene zoona. Kuno aliyense amadziwa chochita khasu likagunda njerwa yakale. Umayang'ana uku ndi uku, n'kukwirira msanga. Lamulo loti ukanene kwa a boma oona zakale timalidziwa bwino lomwe, ena angathe kulilakatula. Zakale timazinyadira kwabasi ife, malinga zikhale m'munda mwa mnzathu.

"Woyendetsa uja wamuuza kuti chiyani?" adafunsa a Aniello.

"Ndati tagunda chimbudzi cha asilikali a nthawi ya nkhondo," adayankha a Catello.

"Wakhulupirira?"

"Wanamizira kukhulupirira. Naye ali ndi munda, Ababa."

A Aniello adavomera ndi mutu. "Thanki iiwale. Pezani lole ya dothi ndi zigumu, tithire, tisalaze, tiwokere pamwamba."

"Lole ipezeka Lachisanu masana. Isadafike nthawiyo palibe."

"Ndiye tivundikire ndi matabwa ndi lona. Msanga, anthu asadayambe kudutsa."

Apo m'pamene adazindikira kuti Fortuna waima kumbuyo kwawo ndi dengu. Agogo ake adamuyang'ana nthawi yaitali.

"Fortù, waona chiyani?"

"Khoma, Agogo."

"Ayi. Waona dzenje. Tanena."

"Ndaona dzenje, Agogo."

"Eya. Bweretsa buledi uyo, njala yatipha."

3. Mizere isanu

Munthu ndi munthu basi. A Catello, omwe aja ankafulumira kukwirira, adalawirira Lachitatu m'mawa n'kutsikira m'dzenjemo ndi fosholo, kufuna kuona kumene khoma lathera. Timiyala ta Phiri sitivuta kufukula. Pofika masana adali atafika pansi penipeni pangodya imodzi. Adatuluka n'kupita m'tauni kukatsimikiza za lole. Makwerero adawasiya momwemo.

Ataweruka kusukulu, Fortuna adaona makwererowo atatulukira pansi pa lona. Agogo ake adali akuwodzera pakhonde, monga amachitira akadya. Mtsikanayo adakankha thabwa limodzi n'kutsika.

Pansi padali pozizira, ponunkha chinyontho. Khoma lidali lofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi. Golide padalibe, mafupa padalibe, chithunzi cha milungu padalibe. Padali chabe pamene kale padali khomo, ndipo pambali pa khomolo wina adakanda mizere ndi chinthu chosongoka.

Mizereyo idali isanu, wina pamwamba pa unzake. Pambali pa mzere uliwonse padali nambala ya Chiroma, zomwe zija amaphunzira kusukulu: III, IV, V, VI, VII. Wa III udali m'munsi, wopindika pang'ono, ngati amene ankayezedwayo sankaima chilili. Pakati pa V ndi VI padali mpata waukulu. Chaka chimenecho mwanayo adakula kwambiri.

Fortuna adaima atatsamira msana kukhomalo n'kuyeza ndi dzanja. Mzere wa VII udamufika m'nthiti. Pamwamba pake khoma lidali losalala mpaka kumapeto.

Sadafunikire womufotokozera. Pachitseko cha kukhitchini kwawo padali mizere yotero, yoyambira pa zaka zitatu mpaka khumi ndi zisanu. Agogo ake ankaikanda ndi mpeni wawo wam'thumba tsiku lililonse lokumbukira kubadwa kwake, akumukalipira kuti asanyang'ame.

Adaika chala pamzere womaliza. Chisoni chidamugwira, chisoni chenicheni, cha mwana amene sadamuonepo ndiponso sadziwa dzina lake.

"Tuluka mmenemo!"

Adayang'ana kumwamba. Nkhope ya agogo ake idali pakamwa pa dzenje.

4. Munda wa a Sabatino

A Aniello sadamumenye, sadakuwenso. Adabwezera thabwa m'malo mwake, adakoka lona, kenako adakhala pa mulu wa dothi n'kumuuza kuti akhale pafupi.

"Agogo, pakhoma paja pali mizere," adayamba Fortuna. "Ili ngati ya pachitseko cha kukhitchini."

"Ndaiona. Ukuyesa ndilibe maso? Bambo ako atatuluka ndinatsika nane, ndi maondo anga awa. Ndaiona yonse isanu."

"Ndiye tingathire bwanji zigumu pamenepo?"

A Aniello adavula chipewa, adakanda m'mutu, n'kuloza kumtunda kumene kudali tchire lozingidwa ndi waya wadzimbiri.

"Ukuona apo? Umangodutsapo iwe, umayesa ndi tchire lachilengedwe. Umenewo udali munda wa Sabatino, mnzanga wapamtima, amene anandigwirira mphete pa ukwati wanga. Kuno kunalibe munda wa zipatso woposa umenewo. Tsiku lina akukumba dzenje la mtengo anagunda khoma ngati ili. Tonse tinamuuza kuti kwirira. Iye ayi, ati ndine munthu wa lamulo. Anavala jekete, anapita kukanena.

"Anabwera ndi galimoto yoyera, anthu aulemu ndithu. Anamugwira chanza, anamutamanda. Anati tiika mpanda miyezi itatu yokha, tiyeze, tijambule. Miyezi itatu imeneyo, mwana wanga, inasanduka zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anakumba chilimwe chimodzi, kenako ati tidikire kalata yochokera kwa akuluakulu. Kalatayo ikubwerabe mpaka lero. Sabatino ankaima kunja kwa waya kuonerera mitengo yake ikuuma umodziumodzi, osaloledwa kulowa ndi ndowa yamadzi. Ana ake anapita ku Germany, sanabwererenso. Iye anamwalira ali mlonda wa magalimoto ku Napoli, munthu amene ankadziwa kulumikiza mitengo kuposa tonsefe.

"Usamandione ngati munthu wopanda mtima. Phiri ili ndikulidziwa kuposa aphunzitsi ako. Litalavula moto komaliza, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amayi anandiveka poto kumutu kuti miyala isandiswe. Denga lathu linagwa ndi phulusa. Mwana wa pakhoma paja ndikumumvetsa, ndikanakhala ine. Koma iyeyo anafa kalekale, sadzamvanso njala. Iwe uli moyo, umadya katatu patsiku, ndipo chimene umadya chimachokera pano pamene takhalapa. Mbewu ya matimati awa anandisiyira agogo anga, ine ndikusungira iwe. Ukatsegula pakamwa, ukhala wapereka munda kuti upulumutse mizere isanu.

"Sindikulumbiritsa. Wakula. Ndangokuuza mtengo wake wa mawu amodzi."

Fortuna adazyolika. Agogo ake adadzuka movutikira, atagwira phewa lake, n'kupita kukathirira mbande.

5. Masamba awiri

Lachinayi masana Fortuna adakhala patebulo la kukhitchini ndi kope lake. Adayamba kulemba za misewu, za madoko ndi za mafumu a ku Roma, monga ankadziwira kuti anzake alemba. Adang'amba tsambalo. Adayambanso, adang'ambanso.

"Mapepalawo akulakwira chiyani?" adafunsa a Catello podutsa ndi khasu. "Lemba zoti alendo sakadabwera, basi. Aphunzitsi amafuna zimenezo."

Atatuluka, Fortuna adayang'ana chitseko cha kukhitchini, ndipo adalemba osaimanso. Sadatchule munda, sadatchule dzina la munthu. Adalemba ngati nthano yopeka.

Lachisanu Mayi Cozzolino adasonkhanitsa makope, adapereka ntchito ina, n'kuyamba kuwerenga pomwepo. Pena ankaseka, pena ankapukusa mutu. Atafika pa kope la Fortuna adasiya kulemba. Belu litalira adati, "Ascione, utsalire."

Onse atatuluka adatseka chitseko, adavala magalasi, n'kuwerenga mokweza.

"Panali mwana amene ankayezedwa pakhoma lofiira. Sindikudziwa ngati anali mnyamata kapena mtsikana. Phiri likadapanda kuphulika, bambo ake akadakanda mzere wa zaka zisanu ndi zitatu, kenako wina, kenako wina, mpaka mwanayo kukana kuti wakula, za kukhoma zamukwana. Akadakwatira. Nyumba ikadapakidwa utoto wina, mizere n'kufufutika. Akadafa ali nkhalamba yopanda mano, ndipo lero palibe akadamudziwa. Mwatifunsa chimene tikadasankha. Ine ndikadasankha chimenecho, kuti akule, ife tisamudziwe. Mabwinja onse a Pompei ndikadawapereka kuti iye apeze mzere wachisanu ndi chimodzi.

"Koma palibe anandifunsa nthawi imeneyo. Chatsala cha iye ndi mizere isanu pakhoma lozizira, lonunkha chinyontho, ndipo womaliza umandifika m'nthiti. Phiri lidamukwirira osadziwa kuti pali mwana, chifukwa phiri lilibe maso. Amene adzamukwirire kachiwiri adzakhala atamuona."

Mayi Cozzolino adavula magalasi n'kuika kope patebulo.

"Khala pansi, Fortuna. Ndawerenga zimangirizo zaka makumi atatu. Ana akamapeka za pansi pa nthaka amapeka golide ndi zigaza. Sindinaonepo wopeka fungo la chinyontho."

Fortuna adakhala pansi, maso ali pa nsapato zake.

"Ndikuuza zonse, usankhe ukudziwa. Sindingakulonjeze kuti munda umene uli pamwamba pa khoma limeneli upulumuka. Nthawi zina amabwera, amayeza, amajambula, amateteza khomalo bwinobwino, pakatha miyezi iwiri mwini munda akulimanso. Ndaonapo zotero. Nthawi zina sizitero. Nkhani ya a Sabatino ndikuidziwa, ndinakulira pafupi ndi mpanda umenewo, ndipo amene angakuuze kuti a Sabatino sanalakwiridwe ndi wabodza.

"Koma udziwenso izi. Khoma lotere lakhala zaka pafupifupi zikwi ziwiri chifukwa timiyala topepuka tija tinaligwira mofatsa. Lole ikakhuthula zigumu pamwamba pake, utoto uja usweka ngati chigoba cha dzira. Simukhala mwalibisa, mukhala mwaliwononga. Ndipo zikadzamveka tsiku lina, chifukwa kuno palibe chimene sichimveka, amene anaitana loleyo adzayankha mlandu waukulu kuposa wa kuchedwa kunena.

"Tsono tamvera. Ukandiuza kuti wapeka, ndikupatsa malikisi ako, ndi ambiri, tonse tipita kwathu. Sindidzakufunsanso. Ukandiuza kuti n'zoona, sindingathe kukhala chete, ndiimba foni lero lomwe. Usandiyankhe kuti undisangalatse. Ine sindidya za m'munda umenewo. Amene amadya za m'mundamo ndiwe."

Panja ana ankakuwa pothamangira basi. Wotchi ya pakhoma idali itakwana hafu pasiti wani. Fortuna adatenga kope lake, adalitseka, adafika nalo mpaka pachitseko. Adagwira chogwirira. Mayi Cozzolino adayamba kulongedza mabuku awo, osamuyang'ana.

Fortuna adabwerera n'kuika kope patebulo.

"N'zoona, Aphunzitsi. Lili kumunsi kwa munda wathu. Lole ikubwera fili koloko."

Mayi Cozzolino adausa moyo. Sadamutamande, ndipo adachita bwino, chifukwa mtsikanayo akadangolira.

"Ndiimba pompano. Koma lero ndi Lachisanu masana, ndikuwadziwa. Sangafike mawa lisadakwane."

"Ndiye lole iyamba kufika."

"Iyamba kufika. Udikire ndikaimbe, ndikuperekeze pagalimoto."

"Ayi, Aphunzitsi. Akakuonani inu adzati mwandinyengerera. Ndikawauza ndekha."

6. Pachipata

Kuchokera kusukulu kupita kumunda ndi mtunda wokwera. Fortuna adauyenda osapuma, chikwama chikumenya kumsana. Adapeza agogo ake m'nazale, atawerama, akuthirira mbande ndi keni.

"Wachedwa," adatero osatembenuka. "Chakudya chako chili pachitofu, chazizira."

"Agogo, ndanena."

Madzi adapitirira kutuluka m'keni mpaka adasefukira m'njira. Kenako a Aniello adaika keniyo pansi n'kuwongoka pang'onopang'ono.

"Kwa yani?"

"Kwa aphunzitsi. Aimba kale foni. Oona zakale abwera mawa."

"Anakukakamiza?"

"Ayi. Anandipatsa mpata woti ndiname. Sindinaname."

"Aaa, Fortù." Adapukusa mutu. "Bwenzi utangoti anakukakamiza. Ndikanapeza womukwiyira."

Misozi idayamba kutsika m'masaya mwa Fortuna, koma sadaipukute. "Ndikudziwa zimene ndachita, Agogo. Za a Sabatino ndinamva zonse. Ndinayesetsa kuti ndione dzenje lokha, monga munandiuzira. Zinandikanika."

A Aniello adatembenuka. Adayang'ana mbande zawo, zobiriwira, zothinana m'mabokosi kuyambira pakhomo la nazale mpaka kumapeto.

"Izi zikapanda kulowa m'nthaka milungu iwiri ikubwerayi, zafa," adatero. "Mbewu imene ndimasunga m'botolo ndinafesa yonse chaka chino, sindinasiyeko. Wasankha ngati munthu wamkulu. Ndiye uganizenso ngati munthu wamkulu kumene tikaziwokere akatitsekera munda."

Kumunsi kwa msewu kudamveka hutala, kenako kulira kwa injini yolemedwa ikukwera mtunda. Fumbi lidaoneka pamwamba pa mipesa ya anansi.

"Ndi imeneyo," adatero a Aniello. "Bambo ako ali momwemo, akhala ndi dalaivala. Sakudziwa kanthu. Ine sindiwauza, pakamwa panga sipangathe. Komanso sindikugwira dzanja kuti ndikuletse."

Fortuna adavula chikwama n'kuchisiya pakati pa mabokosi a mbande. Adatsika kanjira ka m'munda, adadutsa dzenje lovundikira lija, n'kukaima pakati penipeni pa chipata.

Lole idakhota pakona, itadzaza dothi ndi zigumu mpaka pamwamba. Dalaivala adaliza hutala kawiri. A Catello adatulutsa mutu pawindo akuseka, akukupiza dzanja.

"Fortù! Choka pamenepo, iwe! Watopa nawo moyo?"

Fortuna sadasunthe. Lole idaima mamita awiri patsogolo pake, injini ikulirabe. A Catello adayang'ana mwana wawo, adaona misozi. Kenako adayang'ana kumtunda, adaona bambo awo ataima pakhomo la nazale, manja ali lende, osabwera kudzamuchotsa.

Kuseka kudawathera. Adatsegula chitseko cha lole n'kutsika.